Kukoma kwa moyo m'chipululu: zimene anthu a ku Phoenix amakonda ndi mtengo wake

Kuyambira pa 30 Juni mpaka pa 30 Julayi 2023, mzinda wa Phoenix ku America unatha masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa apo. Usiku wa pa 19 Julayi sikunazizire n'komwe: ngakhale mbandakucha kutentha kunali pa madigiri 36. Masana phula la m'misewu linkaotcha moti ena ogwa pansi ankathamangira nawo kuchipatala ali ndi mabala ngati a moto. Madigiri onsewa ndi a Celsius, muyeso womwewo umene a zanyengo amatiuzira pa wailesi.

Munthu akamva zoterezi angaganize kuti anthu akusamukako. Zoona zake n'zakuti akuchulukirachulukira. Mu 1950 mzindawu unali ndi anthu ongopitirira 100,000, koma kalembera wa 2020 anapeza anthu 1.6 miliyoni. Tikaphatikiza matauni oyandikana nawo, chigwa chonsecho chili ndi anthu pafupifupi 5 miliyoni. Phoenix ndi likulu la chigawo cha Arizona, ndipo ndi mzinda wachisanu pa mizinda yokhala ndi anthu ambiri m'dzikomo.

Nanga akonda chiyani m'chipululu chotchedwa Sonoran, momwe mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita 180, pamene ya ku Lilongwe imaposa apo kanayi? Yankho lake ndi lofunika kwa makolo ndi onse odzipereka pa ntchito zaumoyo, chifukwa likusonyeza momwe thupi limalimbanirana ndi kutentha, zimene zimathandiza munthu kukhala mosangalala kotentha, komanso amene amayamba kuvulala zinthuzo zikasowa.

Miyezi ya mtendere

Chinthu choyamba chimene anthu a ku Phoenix amatchula ndi nyengo yozizira. Kumeneko kumazizira mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Nthawi imeneyi madera ambiri a kumpoto kwa America amakhala atakutidwa ndi chipale chofewa, anthu akufosholo m'makomo kuti atulutse galimoto, ana atatsekeredwa m'nyumba. Ku Phoenix masana a mu Januwale kumatentha madigiri pafupifupi 20, usiku n'kutsika kufika pa 8. Juzi yopepuka imakwanira.

Kuchokera kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Epulo moyo umakhala wa panja. Mabanja amadyera pabwalo, ana amasewera mpira, okalamba amayenda mtunda m'mawa uliwonse. Dzuwa limawala masiku pafupifupi 300 pa chaka, choncho ukwati kapena masewera a pasukulu salephereka kawirikawiri chifukwa cha mvula. Malalanje, mandimu ndi manyumwa zimapsa m'mabwalo a nyumba m'nyengo yozizira yomweyo, ndipo mu Malichi fungo la maluwa a malalanje limamveka m'misewu ya m'madera akale a mzindawu.

Nyengoyi imakopanso alendo. Anthu opuma pantchito ochokera ku Canada ndi kumpoto kwa America amabwera kudzakhala miyezi ingapo, n'kubwerera kwawo kukayamba kutentha. Eni mzinda amawatcha snowbirds, kutanthauza mbalame zothawa chisanu. Mu Febuluwale ndi Malichi matimu 15 akuluakulu a masewera a baseball amadzakonzekera ligi m'chigwachi, ndipo mabanja amapita kukaonerera atakhala pa kapinga.

Mzindawu ulinso ndi mapiri m'kati mwake momwe. Phiri la Camelback, lomwe limaoneka ngati ngamila yogwada, ndi la Piestewa ali pakati pa nyumba za anthu. Paki ya South Mountain ndi yaikulu mahekitala oposa 6,000, imodzi mwa mapaki aakulu kwambiri oyendetsedwa ndi khonsolo ya mzinda ku America. Munthu amatha kukwera phiri m'mawa n'kukafika kuntchito nthawi yabwino. Pa zaumoyo ichi si chaching'ono: kuyenda tsiku ndi tsiku kumateteza ku kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi a mtima.

Kutentha kouma

Mukamufunsa munthu wa ku Phoenix za chilimwe, amayankha moseka kuti inde kumatentha, koma ndi kutentha kouma. Mawuwa anasanduka nthabwala ya mzinda wonse, komabe muli sayansi m'kati mwake.

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Likayamba kutentha limatumiza magazi ambiri kukhungu n'kutulutsa thukuta. Chimene chimaziziritsa thupi ndi kuuma kwa thukutalo: madzi akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kwa pakhungu n'kupita nako. Ndi zomwe zimachitika ndi mtsuko wadothi. Madzi amaonekera pang'ono kunja kwa mtsuko, mphepo n'kuwaumitsa, ndipo otsala m'kati amazizira. Thukuta longoyenderera n'kudontha pansi ndi madzi otayika chabe.

Mpweya ukakhala ndi chinyezi chambiri, monga kumakhalira kunyanja mvula ikamayandikira, thukuta limachedwa kuuma ndipo munthu amamva kubanika. Ku Phoenix mu Meyi ndi Juni chinyezi cha masana chimatha kutsika kufika pansi pa 10 peresenti. Thukuta limauma nthawi yomweyo, malaya sanyowa, ndipo munthu wokhala pamthunzi pali kamphepo amapirira kutentha kumene kwina sakanakupirira. Zochapa zimauma msanga, makoma sachita nkhungu kawirikawiri, ndipo wotuluka m'madzi amatha kunjenjemera dzuwa likuswa mtengo.

Anthu akale a mumzindawu ankagwiritsa ntchito nzeru yomweyi. Makina oziziritsa m'nyumba asanabwere, mabanja ankagona pakhonde atapachika nsalu zonyowa kuti mphepo idutsemo. Kenaka kunabwera mabokosi okhala ndi fani yokoka mpweya kudzera m'ziwiya zonyowa, omwe nyumba zina zikugwiritsabe ntchito chifukwa sadya magetsi ambiri. Makina amakono oziziritsa mpweya, omwe ambiri amangoti AC, atafala m'zaka za m'ma 1950, chiwerengero cha anthu mumzindawu chinakwera kanayi m'zaka khumi zokha.

Koma kuuma komweko kuli ndi msampha. Popeza thukuta silioneka, munthu sazindikira madzi amene akutaya. Wogwira ntchito yolemetsa padzuwa amatha kutaya lita imodzi kapena kuposa pa ola. Chachiwiri, mpweya ukatentha kuposa khungu, lomwe limakhala pa madigiri pafupifupi 35, umayamba kuthira kutentha m'thupi m'malo mochotsa. Pamenepo fani yokha m'chipinda chotentha kwambiri imakhala ngati ikupemerera moto, pokhapokha munthu atanyowetsa khungu kapena zovala.

Thupi limatha kuzolowera. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu akugwira ntchito pang'onopang'ono kotentha, amayamba kutuluka thukuta msanga ndiponso lambiri, mchere wotayika umachepa, ndipo madzi a m'magazi amachuluka moti mtima sugunda mothamanga ngati poyamba. N'chifukwa chake eni mzinda amaoneka omasuka pamene mlendo wangotsika ndege ali wefuwefu. Kuzolowera kumeneku kumatha munthu akakhala milungu ingapo kozizira, ndipo kuli ndi malire, makamaka kwa makanda, okalamba ndi odwala.

Tsiku lotembenuzidwa

Anthu a ku Phoenix salimbana ndi dzuwa la masana. Iwo amati chilimwe ndiye nyengo yawo yobindikira, monga anzawo a kumpoto amabindikirira m'chisanu. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala moyo umasamukira m'mbandakucha ndi usiku.

Mu Juni dzuwa limatuluka isanakwane hafu pasiti faifi. Nthawi imeneyo othamanga, okwera njinga ndi oyendetsa agalu amakhala ali kale m'misewu. Amisiri omanga nyumba amayamba ntchito kusanache kuti aweruke dzuwa lisanafike poipa. Usiku mapaki amadzaza ndi ana, mabwalo a masewera amayatsa magetsi, ndipo malo osungira zomera za m'chipululu a Desert Botanical Garden, omwe anatsegulidwa mu 1939, amalandira mabanja oyenda ndi matochi kudzaona zamoyo zotuluka mumdima.

Ngakhale wotchi inatsatira nzeru yomweyi. Zigawo zambiri za America zimakankhira mawotchi patsogolo ndi ola limodzi m'chilimwe kuti madzulo kuziwala nthawi yaitali. Arizona inakana zimenezi kuyambira 1968, kupatula dera la anthu a mtundu wa Navajo. Kwa munthu wa m'chipululu ola lina la dzuwa madzulo si mphatso.

Maiwe osambira ndi gawo lina la chisangalalo. Nyumba zambiri zili ndi dziwe kuseri, khonsolo ili ndi maiwe a aliyense, ndipo achinyamata amapita ku mtsinje wa Salt kukayandama pa machubu. Apa makolo amakhala tcheru, chifukwa ku America kumira m'madzi ndi komwe kumapha ana ambiri a chaka chimodzi mpaka zinayi. Lamulo la Arizona limafuna kuti dziwe la panyumba pamene pali mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi litchingidwe ndi mpanda.

Kutentha kukanyanya pali kothawira. Ulendo wa maola awiri pa galimoto kulowera kumpoto umafikitsa munthu ku Flagstaff, tauni ya m'nkhalango ya paini yomwe ili pamtunda wa mamita 2,100, pamene Phoenix ili pa mamita 330 okha. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Amene anakwerapo chitunda kuchoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre mu Okutobala akudziwa momwe thupi limapumira.

Mvula ikagwa m'chipululu

Sonoran si chipululu cha mchenga wokhawokha. Chimalandira mvula kawiri pa chaka, yowaza m'nyengo yozizira ndi yamabingu m'chilimwe, choncho chili ndi zomera zambiri kuposa zipululu zina. Chodziwika kwambiri ndi saguaro, chomera chaminga chooneka ngati munthu wokweza manja, chomwe chimamera mwachilengedwe m'chipululu chimenechi chokha. Chimatalika kufika mamita 12, chimakhala zaka 150 kapena kuposa, ndipo chimatha zaka zoposa 50 chisanatulutse nthambi yoyamba. Thunthu lake lili ndi mizere yopindika yomwe imafutukuka likamwa madzi a mvula. Anthu a mtundu wa Tohono O'odham amathyola zipatso zake mu Juni, ndipo kwa iwo nyengo imeneyi ndi chiyambi cha chaka.

Mu Epulo mitengo ya palo verde imachita maluwa achikasu mzinda wonse. Mtengowu uli ndi khungwa lobiriwira lomwe limapanga chakudya ngati masamba, motero umatha kuyoyola masamba m'chilala osafa. Chaka chimene mvula ya m'nyengo yozizira yagwa bwino, mapiri amadzaza maluwa akutchire ndipo anthu amayenda mitunda kukangowaona.

Nyengo imene eni mzinda amaidikira ndi mtima wonse ndi ya mvula yamabingu yotchedwa monsoon, yomwe a zanyengo amaiwerenga kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 30 Sepitembala. Mphepo imasintha n'kubweretsa chinyezi kuchokera kumwera, mitambo imaunjikana pamapiri masana, ndipo madzulo mphezi zimang'anima thambo lonse. Mvula ikagwa kutentha kumatsika mwadzidzidzi, anthu n'kutuluka m'nyumba kukaima pakhonde, ana akuvina m'madzi. Chitsamba chotchedwa creosote chimatulutsa fungo lamphamvu chikanyowa, ndipo ambiri obadwira kumeneko amati limenelo ndiye fungo la kwawo.

Nyengoyi imabweranso ndi zoopsa zake. Nthaka youma siimwa madzi msanga, choncho makwawa amadzaza m'mphindi zochepa. Arizona ili ndi lamulo lakuti woyendetsa galimoto amene walambalala zotchinga n'kulowa mumsewu wosefukira akhoza kulipira ndalama zomupulumutsira. Mphepo ya mkuntho imanyamulanso fumbi looneka ngati khoma, lotchedwa haboob, monga lomwe linakuta mzinda wonse pa 5 Julayi 2011. Ndipo chinyezi chikakwera thukuta silimauma msanga, mabokosi oziziritsa ndi madzi aja amafooka, kutentha kouma kuja n'kusanduka kobanika.

Madzi amachokera kuti?

Malalanje, maiwe ndi mitengo ya mthunzi sizikanatheka popanda madzi obwera kuchokera kutali. Nzeru imeneyi si yatsopano. Anthu otchedwa Hohokam, omwe a mitundu ya O'odham amawatenga ngati makolo awo, anakumba ndi manja ngalande zotalika makilomita mazanamazana kuchokera mumtsinje wa Salt, n'kumalima chimanga, nyemba, maungu ndi thonje kwa zaka zoposa 1,000, mpaka cha m'ma 1450. Mu 1867 Jack Swilling ndi anzake anayamba kufukulanso ngalande zakalezo. Dzina lakuti Phoenix ndi la mbalame ya m'nthano yomwe imauka m'phulusa lake, posonyeza kuti mzinda watsopano unauka pa mabwinja a wakale.

Mu 1911 damu la Roosevelt linamalizidwa pamtsinje wa Salt kuti lizisunga madzi ochokera kumapiri. Pambuyo pake kunakumbidwa ngalande ya Central Arizona Project, yotalika makilomita 540, yobweretsa madzi kuchokera mumtsinje wa Colorado. M'mbali mwa ngalande za mumzinda muli njira zomwe anthu amathamangamo ndi kupalasamo njinga.

Madziwa akuchepa. Mu Ogasiti 2021 boma la America linalengeza koyamba kuti mtsinje wa Colorado waperewera, ndipo chaka chotsatira gawo la Arizona linadulidwa ndi pafupifupi 18 peresenti. Mu Juni 2023 bwanamkubwa wa chigawochi, Katie Hobbs, analengeza kuti boma lisiya kuvomereza malo atsopano omangapo nyumba zodalira madzi apansi panthaka m'dera la Phoenix. Mabanja ambiri achotsa kapinga n'kudzala zomera za m'chipululu, ndipo madzi amene munthu mmodzi amagwiritsa ntchito pa tsiku atsika poyerekeza ndi zaka za m'ma 1990.

Walira mvula walira matope

Zonse zokomazi zimafuna kuti munthu akhale ndi nyumba, magetsi, madzi ndi thupi lolimba. Chimodzi chikasowa nkhani imasintha. Nthambi ya zaumoyo ya boma la Maricopa, momwe muli Phoenix, inawerenga anthu 61 omwalira chifukwa cha kutentha mu 2014. Mu 2022 anali 425, ndipo mu 2023 anafika 645.

Omwalirawa sanali osankhidwa mwachisawawa. Mu 2023 pafupifupi theka anali anthu opanda pokhala, ogona m'misewu. Ambiri anali a zaka 50 kupita m'tsogolo, ndipo ambiri anali atamwa mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, zomwe zimasokoneza thupi podziziziritsa ndi kulepheretsa munthu kuthawira pamthunzi. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anamwalirira m'nyumba, kawirikawiri momwe makina oziziritsa anali owonongeka.

Usiku wotentha ndi mdani wamkulu. Simenti, phula ndi madenga zimamwa kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, motero pakati pa mzinda sipazizira ngati kutchire. Thupi limene silinapume usiku limayamba tsiku lotsatira lili lotopa kale, ndipo masiku akamatsatizana mtima ndi impso zimalema. Madera a anthu osauka, omwe ali ndi mitengo yochepa, amatentha kuposa madera a anthu olemera mumzinda womwewo. Mu 2024 Phoenix inatha masiku 113 otsatizana kutentha kukufika madigiri 38 kapena kuposa. Tsiku lotentha koposa m'mbiri ya mzindawu ndi la 26 Juni 1990, pamene kunafika madigiri 50.

Masana a chilimwe phula limatha kufika madigiri 80. Mwana wotuluka osavala nsapato kapena gogo amene wagwa n'kulephera kudzuka amapsa m'kanthawi kochepa. Zitsulo za pamalo osewerera ana ndi malamba a m'galimoto zimaotchanso.

Fumbi nalo lili ndi matenda ake. M'nthaka ya kumeneko mumakhala tizilombo ta mtundu wa fangasi toyambitsa matenda otchedwa Valley fever. Munthu akapuma fumbilo amatha kudwala chifuwa, kutentha thupi ndi kufooka kwa milungu ingapo. Matendawa sapatsirana, ndipo ambiri amachira okha, koma amavuta kwa amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Arizona ndiyo imakhala ndi odwala ambiri m'dziko lonselo. Chodabwitsa n'chakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anthu odwala chifuwa chachikulu ankasamukira ku Phoenix pofuna mpweya wouma, ambiri n'kumanga matenti kudera la Sunnyslope. Mpweyawo unkawapatsa mpumulo, koma sunkapha kachilombo. Chifuwa chachikulu chinayamba kuchiritsika mankhwala atapezeka m'zaka za m'ma 1940, ndipo mpaka lero chimachira ndi mankhwala basi.

Zimene mzindawu ukuchita

Mu 2021 Phoenix inakhala mzinda woyamba ku America kutsegula ofesi yoona za kutentha yolipiridwa ndi khonsolo, motsogozedwa ndi katswiri wa zanyengo ndi zaumoyo David Hondula. Chilimwe chilichonse malaibulale, matchalitchi ndi maholo amasanduka malo opumulirako kozizira ndi olandirirako madzi akumwa aulere, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi anthu odzipereka. Ena amayenda m'misewu kugawa madzi, ena amaimbira foni okalamba okhala okha.

Khonsolo ikudzala mitengo m'madera opanda mthunzi, ikumanga mithunzi pamalo odikirira basi, ndipo kuyambira 2020 yakhala ikupaka misewu ina utoto wotuwa wobweza kuwala kwa dzuwa. A zanyengo akachenjeza za kutentha koopsa, njira zokwerera mapiri a Camelback ndi Piestewa zimatsekedwa masana. Malamulo a chigawochi amateteza mabanja kuti asadulidwe magetsi chifukwa cha ngongole nyengo yotentha kwambiri. Mu 2024 ozimitsa moto, omwe kumeneko amanyamulanso odwala mwadzidzidzi, anayamba kuika munthu wokomoka ndi kutentha m'thumba lodzaza madzi oundana ali m'njira yopita kuchipatala, chifukwa mphindi iliyonse imene thupi likhala lotentha kwambiri imawononga ubongo ndi ziwalo zina.

Zimene kholo ndi wodzipereka angatolepo

Kwathu kuno kulibe chipululu, koma ku Nsanje, Chikwawa ndi madera a m'mbali mwa nyanja kutentha kumafika kapena kuposa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo nthambi yoona zanyengo imachenjeza za masiku otere. Nyumba zambiri zilibe makina oziziritsa, komabe zambiri zimene zimapulumutsa anthu ku Phoenix sizilira magetsi.

Choyamba ndi nthawi. Kulima, kutunga madzi, kupita kuchigayo ndi masewera a ana zichitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Amene wangofika kumene kudera lotentha, kaya ndi waganyu kapena mwana wasukulu, ayambe ndi ntchito yochepa kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Chachiwiri ndi madzi. Musadikire ludzu, makamaka kwa ana ndi okalamba omwe sanena msanga. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi. Oyenda m'mapiri a Phoenix ali ndi lamulo losavuta: madzi akafika theka, bwerera. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asapatsidwe madzi. Ayamwitsidwe pafupipafupi, ndipo mayi amwe madzi okwanira. Mowa umawonjezera vuto.

Chachitatu ndi mthunzi ndi mphepo. Nyumba yamalata yopanda siling'i imatentha kuposa pansi pa mtengo wa mango. Tsegulani mawindo usiku, tchingani kumene dzuwa likulowera masana, nyowetsani chitenje n'kufunda kapena kupachika pawindo. Khanda lili kumsana lisakutidwe ndi nsalu zambiri. Ogona panja asaiwale neti, chifukwa kuno udzudzu umabweretsa malungo. Mwana asasiyidwe m'galimoto yotseka ngakhale kwa kanthawi: m'mphindi khumi kutentha kwa m'kati kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu.

Chachinayi ndi kudziwa zizindikiro. Munthu wotopa ndi kutentha amatuluka thukuta lambiri, amamva chizungulire, mutu, nseru ndi kukokana kwa minofu, koma amayankhula zomveka. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ndi kumupatsa madzi kapena ORS pang'onopang'ono. Akapanda kupeza bwino pakatha ola, kapena akamasanza, apite kuchipatala. Koma ngati thupi latentha kwambiri ndipo munthuyo akubwebweta, akudzandira, akukomoka kapena kugwa khunyu, imeneyo ndi ngozi yotchedwa heat stroke ndipo imapha. Yambani kumuziziritsa pomwepo: muthireni madzi thupi lonse, mupemerereni, ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, uku mukukonza zothamangira naye kuchipatala. Wokomoka asamwetsedwe kanthu. Panado sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu. Popeza malungo aakulu amaonekanso chimodzimodzi, wodwalayo ayenera kukayezedwa ngakhale atatsitsimuka.

Chachisanu ndi kuyenderana. Ziwerengero za ku Maricopa zikusonyeza kuti kutentha kumayamba ndi amene ali yekha. Wodzipereka pa zaumoyo akhoza kulemba mndandanda wa okalamba okhala okha, amayi oyembekezera, makanda, odwala mtima, impso, shuga kapena matenda a maganizo, ndi omwa mankhwala okodzetsa, n'kuonetsetsa kuti wina akuwazonda m'mawa ndi masana pa masiku otentha kwambiri. Omwa mankhwala asasiye okha, afunse kuchipatala.

Anthu a ku Phoenix amakondadi mzinda wawo, ndipo zifukwa zake n'zomveka: miyezi yambiri ya panja, mapiri pakhomo, thambo loyera ndi fungo la mvula yoyamba. Chisangalalocho chimaima pa ngalande zokumbidwa, mitengo yodzalidwa, nthawi yosinthidwa ndi anthu ogogoda pakhomo la mnzawo. Mwa zonsezi, mtengo wa mthunzi ndi umene umatenga nthawi yaitali kuti ukule, choncho dzinja likubwerali ndi nthawi yabwino yodzala pasukulu, pachipatala, pamjigo ndi pabwalo la nyumba.